Lancaster ya 1/72 kuti ifanane ndi yeniyeni: tigule ma resin, tidzipangire tokha, kapena tingosintha bokosi?

Bokosi la modelo ya pulasitiki ya Lancaster, ndege ya Britain yoponya mabomba pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ya mulingo wa 1/72 (kutanthauza yochepetsedwa ka 72), likafika mmanja, kaya wabwera nalo m'bale wa ku Joni pa basi yodutsa pa boda ya Dedza kaya mwachita kutumitsa kunja, funso limakhala lomwelija, ndingomata mmene zilili kapena ndiikonze kuti ifanane ndi ndege yeniyeni? Nde ngati ndiikonza, ndalama ndi nthawi ndiziike pati? Njira zilipo zingapo ndipo mtengo wake ndi wosiyana kutalitali, makamaka kwa ife akuno oti simungalowe mu hardware pa boma nkufunsa photo-etch, tizitsulo topyapyala toonjezera pa modelo, angokuyang'anani nkukuonetsani mahinji a chitseko.

Ine maganizo anga ndi oti anthu ambiri amayambira kumapeto. Amathamangira kugula tizitsulo ta mkati mwa cockpit, mokhala woyendetsa, toti akatseka ndege sitionekanso, pomwe mapiko ali ogona molakwika komanso ma pulopela ndi a chaka china. Zili ngati kusokerera mabatani odula pa jekete yoti telala analakwitsa mapewa, aliyense amaona mapewawo ali patali, mabataniwo mpaka akuyandikireni.

Nde tisanafike pa zogula, pali njira ina yosalira ndalama kupatula bandulo ya intaneti, kusankha ndege imodzi yeniyeni, ya nambala yake, pa nthawi yake. Ma Lancaster anapangidwa 7,377 ndipo sanali ofanana onse ayi. Yoyamba inauluka mu January 1941, zinayamba kumenya nkhondo mu 1942, ndipo pofika 1945 zinali zitasintha zambiri. Zoyambirira zinali ndi timawindo ting'onoting'ono tondandalika mmbali mwa thupi, za pambuyo timawindoto anatichotsa. Zoyambirira ma pulopela ake anali owonda osongoka, zambiri za pambuyo anali otakata ngati nkhafi. Galasi la kumphuno komwe amagona woponya mabomba linali laling'ono, kenako anadzalikuza. Chotupa cha radar ya H2S pansi pa mimba china chili nacho china chilibe. Pa mitundu yake, B.I ndi B.III zonse ndi za injini zinayi za Merlin, kungoti injini za B.III zinapangidwa ndi Packard ku America ndipo kunja simungasiyanitse kwenikweni, koma B.II ndi nkhani ina, ili ndi injini zozungulira za Bristol Hercules, olo mwana angaone kusiyana.

Titenge chitsanzo chapafupi ndi kwathu. Gulu loyamba kulandira ma Lancaster linali 44 Squadron, lomwe linkatchedwa Rhodesia Squadron, zilembo zake KM. Pa 17 April 1942 John Nettleton, wobadwira ku South Africa, anatsogolera ndege 12 masanasana kukaphulitsa fakitale ya MAN ku Augsburg ku Germany, zisanu ndi ziwiri sizinabwerere, iye anapatsidwa Victoria Cross, mendulo yapamwamba ya kulimba mtima pa nkhondo ku Britain. Ndege yake inali R5508, KM-B. Mukafuna kupanga imeneyo nde kuti timawindo tammbali tikhalepo, ma pulopela owonda, galasi la kumphuno laling'ono, H2S ayi, zilembo zotuwa osati zofiira, ndipo chizindikiro chozungulira chammbali chikhale chakale chija cha mkombero wachikasu waukulu, chifukwa zilembo zofiira ndi mkombero wowonda zinabwera pakati pa 1942. Mukaika zilembo zofiira pa ndege ya April, mwalakwitsa kale olo mkati mutadzaza resin, tizidutswa toumba togula padera, yodula bwanji. Chimodzimodzi ndi ma Dambusters a 617 Squadron omwe anakagumula madamu a Möhne ndi Eder ku Germany usiku wa 16 kuchera 17 May 1943, ndege zawo anazichotsa zitseko za mabomba komanso turret ya pamsana, kanyumba kagalasi kokhala wowombera mfuti. Ma kit ambiri atsopano amakupatsani zidutswa za ndege zoyambirira ndi za pambuyo zomwe mu bokosi momwemo, ntchito ndi kudziwa choti mutenge ndi choti musiye, basi.

Chenjezo limodzi pa zithunzi. Pa intaneti zithunzi zowala bwino kwambiri ndi za ndege ziwiri zomwe zikuulukabe, PA474 ya ku Coningsby ku England ndi FM213 ya ku Hamilton ku Canada. Nzabwino poonera kapangidwe ka miyendo kapena mizere ya galasi, koma zonsezi ndi za kumapeto kwa nkhondo, zakonzedwa kambirimbiri ndipo penti wake amasinthasintha, komanso amazipukuta mpaka kunyezimira. PA474 itatha nkhondo inagwirako ntchito yojambula malo kuchokera mmwamba kuno ku Africa ndipo turret ya pamsana anachita kudzaibwezera pambuyo. Nde zithunzi zakuda ndi zoyera za nthawi ya nkhondo, olo zikhale zosaoneka bwino, ndi zomwe zimanena zoona.

Tsopano njira yoyamba yeniyeni, yomwe anthu safuna kuimva, kungosintha bokosi. Ngati muli ndi kit yakale ya kampani ya Airfix kapena ya Matchbox ija ya mizere yakuya ngati ngalande, kuikonza mpaka ifike pa mulingo wa lero ndi ntchito ya miyezi, pomwe Airfix anatulutsa Lancaster yatsopano ya 1/72 cha mma 2013 yoti mawonekedwe ake anthu ambiri amavomereza, ili ndi mkati mokwanira, ndi tizipilala tolowa mmapiko togwira mapikowo kuti akhale pa ngodya yoyenera. Revell ya mma 2000 mkati mwake ndi mokongola ndipo imakhala yotchipirapo, koma madandaulo ake ndi odziwika, mapiko akunja sakwera mokwanira ndipo matayala sakhutiritsa. Hasegawa imalumikizana bwino koma ndi yodula ndipo mkati mulibe zambiri. Ya 1/48 ya Tamiya ndi ya mma 1970, ndiyaikulu zedi, mapiko pafupifupi masentimita 65, poyerekeza ndi 43 a 1/72, nde ganizirani kaye poiika musanaikhumbire, mnyumba muli ana. Vuto la njira iyi kwa ife ndi limodzi, bokosi ndi lalikulu, kutumiza kumatha kudula kuposa kit yeniyeniyo, kuonjezera msonkho ndi nkhani ya forex ija mukuidziwa kale. Koma mukawerengera ma resin atatu anayi oti mukonzere kit yakale, nthawi zambiri bokosi latsopano limapambana.

Njira yachiwiri ndi zogula zoonjezera, ndipo apa mpomwe ndalama imathera mosadziwika. Sizonse zili zofanana phindu, tiyeni tizisiyanitse.

Photo-etch, tizitsulo topyapyala ta Eduard a ku Czech aja, pa chithunzi timaoneka bwino mpaka mtima kugunda, malamba a mpando, mawotchi a woyendetsa opakidwa kale utoto, tizitsulo ta wailesi. Koma Lancaster mkati mwake kutsogolo ndi mwakuda kwambiri, kumbuyo ndi mobiriwira motuwa koma simuoneka, ndipo pa 1/72 mukaika galasi lija la mizere yambirimbiri chomwe diso limaona ndi mpando wa woyendetsa, malamba, ndi kathebulo mwina. Zina zonse mwakwirira. Komanso timafuna superglue, katweezer kabwino ndi maso akuthwa, kakathawa pa tebulo nkugwera pa simenti musavutike kukafuna. Ine ndinganene kuti ngati mumakonda ntchitoyo payokha, gulani musangalale, koma musanamizidwe kuti ndege yafanana kwambiri ndi yeniyeni chifukwa cha izo.

Resin ndi yosiyana pang'ono chifukwa imakonza zakunja. Matayala a resin okhala ndi pophwatalala pansi ngati asenza katundu, ma exhaust obooka, pakamwa pa injini, ma pulopela. Pa Revell matayala a resin amasinthadi nkhope ya ndege. Koma resin siimatika ndi guluu wa pulasitiki, imafuna superglue kapena epoxy, imabwera ndi chiphaka chofunika kucheka, ndipo fumbi lake si labwino ku mapapo, muzipala ili yonyowa. Chinanso, chidutswa chopangira Hasegawa sikuti chilowa pa Airfix, werengani bwino pa paketi. Masiku ano kwabweranso zosindikiza pa 3D, zosalala bwino zedi koma zimathyoka msanga, ulendo wa pa basi kuchokera ku Johannesburg zili pansi pa chikwama cha zovala mwina zifika zili ufa.

Pa zogula zonse, zitatu zokha ndi zomwe ndingakuuzeni kuti zimabweza ndalama yake, ndipo mwamwayi zonse zimakwana mu envulopu. Choyamba ma mask a galasi, timapepala tomata todulidwa kale mulingo wa windo lililonse. Amene anayesapo kupenta mizere ya galasi la Lancaster ndi ma turret ake atatu pamanja akudziwa chomwe ndikunena, ndipo galasi ndi pomwe munthu aliyense amayambira kuyang'ana. Chachiwiri mipope ya mfuti ya brass ngati ya Master a ku Poland. Lancaster wamba inali ndi mfuti 8 za Browning .303, ziwiri kutsogolo, ziwiri pamsana, zinayi kumchira, ndipo za pulasitiki za mu bokosi zimakhala zonenepa komanso zimathyoka mukangozikhudza. Chachitatu ma decal, zilembo ndi zizindikiro zomata pa ndege, monga a Xtradecal, ngati ndege yomwe mwasankha mulibe mu bokosi kapena a mu bokosi achita chikasu ndi ukalamba. Penti ndi ma spray musadalire kutumitsa pa ndege, zinthu zoyaka moto ambiri salola.

Njira yachitatu ndi yomwe ine ndimaikonda, kudzipangira ndi kukonza ndi manja. Dziko lino ana amapanga galimoto za mawaya zokhota ndi chiwongolero, nde tisamadziderere. Chofunika kuchigwira mmutu ndi masamu amodzi okha, milimita imodzi pa modelo ndi mamilimita 72 pa ndege yeniyeni. Kutanthauza kuti kumbuyo kwa phiko kukakhala kokhuthala milimita imodzi ndi theka, pa ndege yeniyeni nde masentimita pafupifupi 11, pomwe kumayenera kukhala kopyapyala. Nde musanamate mapiko, yalani sanipepa wa 400 pa galasi la windo lakale, thirani timadzi, nkumapala mkati mwa mbali zonse ziwiri kumbuyoko pang'onopang'ono mukuyesa. Palibe chomwe mwagula koma ndege imasiya kuoneka chidole. Zitseko za matayala, zipsepse ziwiri za kumchira, nsonga za ma pulopela, chimodzimodzi.

Nkhani ya mapiko ija ndiyofunika kuikhalira pansi. Lancaster mukaiyang'ana kutsogolo, chigawo chapakati chomwe chanyamula injini ziwiri zamkati ndi chogona flati, kenako mukangodutsa injini yamkati phiko limayamba kukwera mpaka kunsonga. Kukwera kumeneku kukachepa ndege imaoneka yotopa, olo munthu wosadziwa ndege amaona kuti china chake sichili bwino. Kukonza kwake, chekani chigawo chapansi cha phiko pamzere pomwe kukwera kumayambira, chapamwamba mungochilemba ndi lezala osadula, pindirani mmwamba pang'ono, mpata womwe watseguka pansi mulowetsemo kapulasitiki kopyapyala nkumata. Kapulasitikiko yang'anani pansi pa makapu a yogati kapena timbale totaya, kakalembedwa PS kapena nambala 6 kamamatika ndi guluu wa kit, khadi la ATM lakale limafuna superglue. Dulani katoni ziwiri zofanana zoti muike pansi pa nsonga zonse pouma, apo ayi phiko lina likwera kuposa linzake ndipo zimenezo nde zoipa kuposa poyamba. Imeneyi ndi ntchito yoopsa pang'ono, ngati ndi ndege yanu yoyamba ganizirani kawiri, koma palibe resin yomwe ingakuchitireni.

Zing'onozing'ono zambiri zili mnyumba momwemo. Tchaja yakufa mukaisenda muli timawaya ta kopa tokwana mapaipi a mabuleki pa miyendo. Nthambi za pulasitiki zomwe zidutswa zimabwerapo, mukaitenthetsa pamwamba pa kandulo mukuizunguza mpaka ifewe nkuikoka, imasanduka ulusi wopanga mawaya a wailesi ngakhalenso mipope ya mfuti ngati za brass zakukanikani. Malamba a mpando, kachidutswa ka tepi kopakidwa utoto wa khaki, pansi pa galasi palibe angasiyanitse ndi Eduard. Matayala apaleni pansi pang'ono pa sanipepa ndege itaimirira kuti onse aphwatalale mofanana. Mipata ya pa msoko, superglue ndi soda wophikira uja, koma mupale nthawi yomweyo chifukwa mawa lake amauma kuposa pulasitiki ndipo mumatha kudya ndege nkusiya chigamba. Putty wa okonza magalimoto amagwiranso ntchito koma wochepa, wambiri amasungunula pulasitiki. Galasi musayerekeze kumata ndi superglue, limachita chifunga choyera mkati chosachoka, gwiritsani guluu woyera wa akalipentala, yemweyonso kadontho kake pa kachitsotso kamatseka timawindo tammbali nkuuma koonekera.

Za kulemba mizere yatsopano pa kit yakale ya mizere yotukuka, ena amalimbikira, ine ndimati pa ndege yakuda pansi ponse phindu lake ndi lochepa poyerekeza ndi masabata omwe mutaye. Bwezerani yokhayo yomwe yafufutika popala.

Nde pali penti, yemwe ndi njira payekha ndipo mwina amaposa zonse tatchulazi. Mitundu ndi itatu, Dark Earth ndi Dark Green pamwamba, Night, yemwe ndi wakuda, pansi ndi mmbali mpaka mmwamba ndithu. Mwa penti wa Humbrol anthu amatenga 29, 30 ndi 33, mwa Tamiya ambiri amatenga XF-52 ndi XF-81. Mzere pomwe wakuda akukumana ndi wapamwamba onani pa chithunzi cha ndege yanuyo. Wakuda musapake bii ngati mmene alili mu botolo, pa kandege ka masentimita 29 amameza chilichonse, sakanizani ndi kotuwa pang'ono, matayala akhale otuwirapo kuposa thupi. Airbrush, yowazira penti ndi mpweya, ndi yabwino, palibe wokana, koma imafuna kompuresa ndi magetsi oti sazima muli pakati pa phiko. Burashi yofewa yotakata, penti wosungunula bwino, kupaka katatu mopyapyala mmalo mwa kamodzi mokhuthala, zimatuluka bwino ndithu pa ndege ngati iyi. Spray wakuda wa mu hardware amatheka pa mimba koma yesani kaye pa nthambi yotsala, muwaze muli patali pang'onopang'ono, ena ndi aukali amakwinyitsa pulasitiki, ndipo thina wa galimoto asayandikire nkomwe.

Nyengo yathu inonso ili ndi mawu. June ndi July kuno chifunga chikatsika mphiri mmawa, penti sauma msanga ndipo vanishi amatha kuyera ngati mwawaza ufa, dikirani dzuwa la masana, kabotolo mukaike kaye mmadzi ofunda. October nde fumbi, mukangomaliza kupaka vindikirani ndi beseni. Ma decal amafuna pamalo ponyezimira, mukawaika pa penti wa matt mpweya umatsalira pansi nkumawala ngati siliva, ndipo pa thupi lakuda ndi zilembo zazikulu zija zimaonekera kutali. Nde vanishi wonyezimira kaye, ma decal, kenako wa matt.

Chomwe chimapangitsa munthu wodziwa Lancaster kugwedeza mutu ndi utsi wa injini pamwamba pa mapiko. Sunali wakuda okhaokha ayi, pakati umakhala wotuwa ngati phulusa chifukwa cha mtovu wa mu petulo, mmbali mwake wabulauni wakuda. Ndipo mukaonetsetsa zithunzi zojambulidwa kuchokera pamwamba, mbali yakunja ya injini zakunja nthawi zambiri ilibe mzere pamwamba pa phiko, utsi wake umadutsa pansi, nde mizere imakhala itatu phiko lililonse osati inayi. Izi choko cha pastel chopala pa sanipepa ndi burashi youma zimakwana, olo choko cha kusukulu chosakaniza ndi ufa wa pensulo, mukukokera kumbuyo mmene mphepo imayendera.

Ku mabomba, chipinda chake chinali chachitali mamita 10, chonyamula bomba lalikulu lotchedwa Cookie la mapaundi 4,000 ndi tina ting'onoting'ono, ma kit atsopano amachipanga bwino. Koma ndege ikaima pa shelefu mimba ili pansi palibe amaona, pokhapokha muiike pa kalilole. Ngati mulibe kalilole tsekani zitseko, nthawi yomwe mwapulumutsayo muithere pa galasi la ndege.

Nde kwa munthu wa pa Dedza, Lizulu kapena Ntcheu boma yemwe ali ndi Airfix yatsopano, ine ndingati sankhani ndege imodzi, tumitsani ma mask ndi mfuti basi, zotsala ndi sanipepa ndi penti. Wa Revell aonjezere matayala nkulimba mtima pa mapiko aja. Wa kit yakale ya mizere yotukuka asaithirire ndalama, aimange mmene ilili, apale kumbuyo kwa mapiko, aphunzirirepo kupaka wakuda ndi utsi, ndalama ya resin aisunge mpaka m'bale wa ku Joni uja adzanene kuti akubwera pa Khirisimasi ndipo mchikwama muli malo.